Sabata Yomwe Nsawa Zathu Zinkati Zipite Kunja

Lolemba

Kukuzizira. Mphepo ya Julaye ikulowa pansi pa chitseko osati n'odi yemwe.

Dzulo titatha mapemphero, akulu a mpingo alengeza kuti Loweruka kukubwera bwana wina wochokera ku Lusaka, wa ku ofesi yolimbikitsa anthu kugulitsa katundu kunja kwa dziko. Msonkhano ukhala ku boma, ku Chadiza. Aliyense amene ali ndi chinthu choti anthu akunja angagule apite nacho, bwanayo akachione. Wailesi nayonso ikunena zomwezo m'mawa uliwonse: mkuwa wokha sutidyetsanso, titumize zina.

Anthu angovomera ndi mitu n'kuyamba kufunsana za maliro a ku Pembamoyo. Ine mtima sunakhale pansi.

Nkhani imeneyi ndi yanga. Ndagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ya mapulasitiki ku Lusaka, pa makina omata timatumba. Chaka chatha timatumba totchipa tochokera ku Joni tinadzaza m'masitolo, abwana n'kutisonkhanitsa pabwalo kuti fakitale yatsekedwa. Ndinabwerera kuno ku Zingalume, kwawo kwa akazi anga a NaMwale, ndi sutikesi, wailesi ndi ovolosi yantchito. Mkamwini wa imvi, wosadziwa bwino kupanga mzere. Palibe amene amandinena. Amangondipatsa khasu lopepuka.

Koma chinthu chimodzi ndikuchidziwa: katundu amagulidwa chifukwa cha chovala chake. Nsawa za m'lichero ndi zopatsa alendo. Nsawa zomwezo zikalowa m'kapulasitiki koyera kokhala ndi dzina, zimasanduka malonda.

Zofunika:
nsawa zazikuluzikulu, zofanana
mchere
pulasitiki woonekera mkati, wa mpukutu, m'lifupi ngati chikhatho
kandulo ndi kachitsulo ka sowo, zomatira
timapepala ta dzina
jekete (alipo, koma akununkha sutikesi)

A NaMwale amvetsera zonse akusankha nyemba. Avomera kundipatsa lichero limodzi la nsawa. "Koma za mbewu zili m'thumba lopachika zija musazikhudze, atate a Misozi."

Alamu anga a Lazaro, mlongo wawo wa a NaMwale, akupita ku Chipata mawa pa minibasi kukagula tcheni cha njinga. Ndawatuma pulasitiki. Ndawajambulira pa kapepala, ndawayezera pa chikhatho changa, ndawayezeranso pa chawo. Akuti amva.

Lachiwiri

Tsiku losenda nsawa. Abwera kudzathandiza amayi awiri oyandikana nafe nyumba.

Ine ndikusankha. Zazikulu kumanja. Zazing'ono, zofota ndi zosweka kumanzere. Mulu wa kumanzere ukukula ngati chulu. Wa kumanja sukukula, chifukwa amayi othandizawo akamacheza dzanja limapita lokha kukamwa, ndipo limadziwa mulu wabwino. Sindinganene kanthu. Wokuthandiza ntchito sumuwerengera mano.

Pofika masana lichero lija latsala mbale imodzi ya zoyenera kupita kunja. A NaMwale awonjezera lina.

Apongozi akhala kuseri kwa nkhokwe, atatifulatira monga mwa ulemu wake. Ine ndi iwo sitiyang'anana. Alankhula kwa mwana wawo mokweza ndithu: "Tawafunsani akamwiniwo, kodi kunjako makasu kulibe?"

Ndayankha ndikuyang'ana mtengo wa mango kuti makasu aliko, koma dothi lawo silibereka nsawa zazikulu ngati zathu. Apongozi ati, "Oho." A NaMwale akuti "oho" ameneyo ndi wabwino. Ine sindikudziwa.

Dzuwa litapendeka a Lazaro afika, nkhope ili mwee. Atulutsa mtolo m'chikwama.

Mapulasitiki akuda. Okhuthala. Aliyense ali ndi timabowo kunsi. Aja ofesera mbande za mitengo.

"Alamu, oyera aja ndawaona, ndi opyapyala kwambiri. Awa wasitolo wati satha ngakhale muwasiye pa dzuwa chaka chonse."

Ndafunsa za kapepala kanga. Anapichirira fodya akudikira minibasi kuti idzaze.

Ndathokoza. Mkamwini amathokoza. Ndayesa kuthiramo nsawa kuti ndingoona. Zazing'ono zikutulukira m'mabowo, nkhuku zikutola. Zazikulu zikukhala, koma palibe angadziwe kuti muli chiyani. Munthu wa kunja angaganize kuti tamutumizira manyowa.

Mapulasitikiwo apongozi awatenga, akuti afeseramo mapapaya. Nkhani yawo yathera pomwepo.

Palibe chaonongeka. Masiku alipo.

Lachitatu

Pa njinga kupita ku boma. Msewu uli fumbi lokhalokha, ngolo za thonje zikupita mbali imodzi ndi ine.

M'sitolo yoyamba: mapulasitiki onyamulira katundu, amizeremizere. Opangidwa ku Joni. Ndawagwira ndi zala, ndawakoka pang'ono. Kumata kwake n'kwa ulesi, ife sitikanalola kuti atuluke pageti. Wasitolo wandifunsa ngati ndikugula kapena ndikuwapima malungo.

M'sitolo yachiwiri: mulibe.

Pamsika: amayi ogulitsa shuga ndi mchere wa m'timapaketi ali nato timapulasitiki toyera, koma akuti nawonso amachita kuitanitsa ku Chipata, sangagawe.

Ndapeza mwayi pageti la kiliniki. A NaTembo ali ndi firiji ya palafini, amagulitsa madzi otsekemera oundana aja ana amayamwa. Ali ndi mpukutu wa pulasitiki woyera bwino. Tagwirizana kuti ndiwakonzere chitseko cha firiji chomwe chimatsekedwa ndi mwala, iwo andidulire mpukutuwo pakati. Ndakonza ndi waya. Chikutsekeka.

Vuto ndi lakuti pulasitikiyo m'lifupi ndi zala ziwiri zokha. Nsawa zathu zazikulu zikulowa imodziimodzi, n'kuima pa mzere ngati odwala pa kilinikipo. Ndaziyang'ana kwa kanthawi. Ndikuganiza kuti zili bwino. Kunja palibe amene anaonapo nsawa zoima pa mzere. Chachilendo chimakopa.

Pobwerera ndadzera ku sukulu kwa aphunzitsi a Sakala, za timapepala ta dzina. Ine ndimafuna mawu atatu: Nsawa za Zingalume. A Sakala akana. "Akunja amafuna Chingerezi, bambo, ndipo amafuna mbiri." Alemba mizere ingapo yonena za dothi lachonde, alimi akhama ndi dzuwa la Afirika. Pansi alembapo dzina lawo ngati mlangizi. Asindikiza pa makina a mayeso, ozunguza ndi dzanja. Inki yake siuma msanga. Zala zanga zonse zada.

Kapepala kamodzi n'kakakulu kuposa paketi yake. Ndizikapinda mwautali n'kukalowetsa mkati pambali pa nsawa.

Miyendo ikupweteka, koma zonse zakwana. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Lachinayi

A NaMwale akukazinga m'phale, akuwaza madzi a mchere pang'onopang'ono. Nsawa zikufiira bwino, khungu likungosweka lokha.

Fungo lafika mpaka ku chitsime. Lero anthu atikumbuka. Wina wabwera kudzabwereka nkhwangwa, wina kudzafunsa ngati taona nkhuku yake yamawanga, a Lazaro abwera kudzandionetsa tcheni chatsopano. Mlendo akapeza mukukazinga simubisa phale. Aliyense wachoka akutafuna, akutifunira mafuno abwino.

Kumata. Umapinda pakamwa pa pulasitiki pa kachitsulo ka sowo, n'kudutsitsa m'mphepete mwake pa lawi la kandulo. Ndinaonapo amayi a pamsika ku Lusaka akuchita akucheza, osayang'ana n'komwe.

Yoyamba yapsa.
Yachiwiri yapsa, pamodzi ndi chala.
Yachitatu yamatika mbali imodzi, nsawa zonse zatsikira m'chikono cha malaya.

Ku fakitale ndinkaponda chopondera, chitsulo chotentha n'kutsika chokha. Kutentha kwake kunali kofanana kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Kuno woyang'anira kutentha ndi mphepo. Ndasamukira m'nyumba, ndatseka chitseko, ndatsekera nsanza m'mipata. Apongozi afunsa kunjako ngati akamwini ayamba kupemphera masana ndi kandulo ngati a mpingo wina.

Pang'onopang'ono dzanja lazolowera. Mzere womata ukutuluka woongoka, wosalala. Ndinayiwala kuti zimenezi zimandikondweretsa. Chibwerereni kuno, lero ndi loyamba kugwira ntchito imene palibe wina aliyense m'mudzi muno akanandiuza kuti ndagwira molakwika.

Ndikuthira nsawa zikadali zofunda kuti ndithe dzuwa lisanalowe. Mapaketi ndawayala pa mphasa, ataliatali, onyezimira.

A NaMwale alowa kuchokera ku chitsime, aima, ayang'ana. "Akuoneka ngati mankhwala a njoka za m'mimba." Kenako atola imodzi, aitembenuza, asisita pomata paja ndi chala. "Koma mwamata bwino."

Pulasitiki wotsala ndamuika pa thandala, pansi pa mbale, kuti asauluke.

Lachisanu

Mapaketi achita thukuta.

Mkati monse muli timadontho. Nthunzi ya nsawa zofunda ija inalibe kotulukira, poti ndinamata bwino. Mchere wasungunuka. Inki ya a Sakala yasungunukanso, yayenderera. Nsawa zada mbali imodzi, ndipo zafewa ngati zophika. Dothi lachonde ndi dzuwa la Afirika zonse zili pa nsawa. Ndalawa imodzi. Ikumveka mayeso.

Ndathamangira pa thandala kuti ndiyambirenso. Mbale ili pansi. Pulasitiki palibe.

Ndamupeza kuseri kwa khola. Mbuzi ya a Lazaro, yaikazi yoyera ija, ikutafuna modekha, nsonga ikulendewera kukamwa. Ndagwira nsongayo n'kukoka. Mbuzi nayo ikukoka. Ndapulumutsa wotalika ngati mkono umodzi ndi theka. Wina yense ali m'mimba.

Zotsala:
pulasitiki wa mkono ndi theka, wamalovu
theka la kandulo
timapepala tambirimbiri
nsawa: palibe, kupatula zosweka ndi za mbewu

Ndakhala pakhonde nthawi yaitali. Kenako ndapita ku dimba kumene a NaMwale akuthirira mpiru. Ndawathandiza kutunga ndowa zingapo ndisanayambe. Iwo adziwa kale.

"Mukatumiza mbewu kunja, mvula ikagwa mudzadzala timapepala tanuto?"

Ndati msonkhano ndi mawa, mudzi wonse ukudziwa kuti ndikupita, ndipo ndikapita chimanjamanja zikhala ngati ndabwera kachiwiri kuchokera ku Lusaka wopanda kanthu. Sindinafune kunena zimenezi. Zangotuluka.

A NaMwale athira ndowa yonse pa bedi limodzi. Atero: "Mbale ziwiri. Zikakanika, tchire la m'munda wa amayi mukaswa ndinu, nokha."

Ndavomera.

Thumba la mbewu alitsitsa okha. Akazinga okha, osaitana aliyense, chitseko cha khitchini chili chotseka. Ulendo uno nsawa ndazisiya zizizire mpaka madzulo. Pulasitiki ndamutsuka, ndamuyanika pa chingwe ndikumulondera ndi ndodo. Timapepala ndadula ndi lezala, ndasiya mzere wapamwamba wokha, ndamata kunja ndi phala la ufa. Dzina la a Sakala lapita ndi lezala. Ndidzawafotokozera.

Mapaketi atuluka ochepa, okwana m'matumba a jekete. Koma ndi ouma, ndipo akulira tswatswa ukawagwedeza.

Mbuzi yaima pakhomo pa khola, sikudya. Mimba yakwera. A Lazaro aimwetsa mafuta ophikira. Akuti, "Musadandaule alamu, inadyapo nsapato imeneyi."

Loweruka

Jekete, tayi, nsapato za ku Lusaka. A NaMwale andiperekeza mpaka pamsewu, andichotsa ulusi paphewa.

Holo ya ku boma yadzaza. Pa tebulo lakutsogolo anthu aika zimene abweretsa: uchi m'botolo lotsekedwa ndi chitsononkho, mphasa, tsabola wouma, thonje, mipando iwiri yosema, ndi mayi wina wa ku Pembamoyo wabwera ndi nkhanga yamoyo. Mapaketi anga ndawayala kutsogolo kwenikweni. Ndi okhawo ovala. Anthu akuwaloza.

Bwana wafika mochedwa, galimoto ili yofiira ndi fumbi. Ndi mnyamata ndithu, msinkhu wa mphwanga, waulemu. Wapepesa, wati msewu unawachedwetsa ndipo chichokereni ku Chipata sanadye kanthu. Akulankhula Chingerezi, kalaliki wa ku boma akumasulira.

Akuti dziko likufuna ndalama zakunja. Akuti nsawa za kuno kum'mawa zimadziwika kutali. Ndakonza tayi. Akuti ogula akunja amafuna nsawa zosakazinga, za m'masaka, zoyezedwa kuti zilibe chuku, ndipo amafuna zodzaza lole mwezi ndi mwezi osadumphitsa. Alimi agwirizane, apange gulu. Wina kumbuyo wafunsa kuti lole yake idzera msewu uti mvula ikagwa. Bwana wati funsolo ndi labwino, akalipereka kwa eni ake.

Kenako akuyendera tebulo. Uchi waununkhiza. Nkhanga waidutsa patali. Wafika pa mapaketi anga, watola imodzi, waiyang'ana pa kuwala kwa zenera.

"Wamata ndani?"

Ndaimirira. Ndati ndine, ndi kandulo.

Wagwedeza mutu mosangalala, wati kumata kwake n'kwaukhondo. Kenako wafotokozera holo yonse, atanyamula paketi yanga m'mwamba, kuti apa ndi pamene pali vuto la dziko lathu. Katundu wokonzakonza kuti alowe m'sitolo ya kunja amafunika pulasitiki wokhuthala bwino, wosindikizidwa dzina ndi makina, osati kapepala komata. Pulasitiki wotere masiku ano timachita kugula ku Joni, ndipo akafika kuno mtengo wake umaposa wa nsawa zimene zili mkatimo. "Ku Lusaka kunali fakitale ina imene inkapanga," watero, "koma inatsekedwa."

Kalaliki wamasulira. Ine ndinali nditamva kale.

Ndati, "Ndikuidziwa, bwana. Ndinkagwira komweko."

Wandiyang'ana. Wasiya Chingerezi. "Pepani, madala. Ndiye inu mukuzimvetsa."

Ndati ndikuzimvetsa. Ndakhala pansi.

Msonkhano ukupitirira, za magulu ndi za chuku. Paketi ija ili m'manja mwake. Akulankhula, waiboola ndi dzino osazindikira, wayamba kudya. Nsawa zikutuluka imodziimodzi, monga zinalowera. Watenga yachiwiri. Dalaivala wake wabwera kudzanong'oneza zina, wachoka ndi yachitatu. Kalaliki naye.

Potuluka bwana wandigwira chanza ndi manja awiri. Akuti sanadyepo nsawa zokoma chotere, ndipo wafunsa ngati angatenge zotsalazo adye panjira. Munthu wanjala sumumana. Ndamupatsa zonse.

Galimoto yanyamuka kulowera ku Chipata. Ine ndakankha njinga mpaka kutuluka m'boma, ndiyeno n'kukwera.

Kunyumba ndapeza anthu kuseri kwa khola la a Lazaro. Mbuzi inagona pansi masana, aicheka isanafe yokha. M'chifu apezamo pulasitiki yense, wosaonongeka ngakhale pang'ono. A Lazaro amutsuka n'kundibweretsera. "Mwina mungamufune, alamu."

A NaMwale sanafunse zambiri. Ayang'ana matumba a jekete, ayang'ana nkhope yanga, n'kundiikira madzi osamba.

Lamulungu

Ku tchalitchi ndakhala benchi lakumbuyo. Sizinathandize. Potuluka aliyense akufuna kudziwa kuti nsawa zanyamuka liti. Ndikuyankha kuti zanyamuka dzulo, pa galimoto ya boma. Si bodza. A Sakala andifunsa ngati bwana anawerenga mbiri yonse. Ndati anayamikira kwambiri. Zina ndidzawauza tsiku lina.

Achinyamata ayamba kunditchula kuti a Kunja. Akunena mwaulemu, atavula zipewa. Dzina limeneli silichoka, ndikudziwa mudzi uno.

Masana tadya nyama ya mbuzi kwa a Lazaro. Akuti pa chilamu palibe mlandu. Angoti mbuzi yanga ikadzaswa ndidzawakumbukire. Ndilibe mbuzi. Akudziwa. Akuti adikira.

Thumba la mbewu likulendewera mopepuka, likuchita kugwedezeka ndi mphepo. A NaMwale akuti sabata ya mawa ndiwakweze pa njinga tipite ku Pembamoyo kwa azakhali awo tikapemphe mbewu zowonjezera. Akuti kopempha ndikalankhule ndine, poti ndimadziwa kulankhula ndi akuluakulu. Sanaseke ponena zimenezi, koma anatembenukira kukhoma msanga.

Za gulu la alimi anthu angapo andifunsa, akuti poti ndinamva Chingerezi chonse ndiwafotokozere bwino. Ndati ndimalize kaye tchire. Mwina pambuyo pake.

Apongozi atumiza khasu. Si lopepuka lija, ili ndi lawo, la mpini wautali. Alankhula ali kuseri kwa nkhokwe: "Auzeni akamwini ayambire cha kuchulu, ndiko kuli zitsa."

Ndayankha kwa mtengo wa mango kuti ndamva.

Chala chopsa chatuluka thuza. A NaMwale andimanga kansalu kuti mawa mpini usachipweteke, amanga molimba, aluma ulusi ndi mano.

Jekete ndamubwezera m'sutikesi. Mawa ndidzuka ndi nkhuku.